Mkanda Wakuda M'khosi Mwanga

Abale ndi alongo anga m'chikhulupiriro, mtendere ukhale nanu kulikonse kumene muli. Ine ndine make Tamala, mlimi wa chimanga ndi nsawa kumudzi wina kufupi ndi Vubwi. Ndikufuna ndikuuzeni za nthawi imene mutu wanga unasokonezeka mpaka ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga ndi manja anga omwe. Kubisa zimenezi kungakhale kumana Mulungu ulemu wake.

Zinayamba chaka cha chilala chija. Chimanga chinauma chisanakhwime, nsawa nazo zinapsera m'nthaka. Amuna anga anakakwera basi ku Katete kupita ku Lusaka kukafuna ganyu, n'kundisiya ndi Tamala, ali kamwana ka zaka zitatu, pamudzi pa apongozi anga aNambewe. Apongozi angawo ndi a pakamwa powawa. Akati akuyamikire amangoti, "Ayi, lero wayesako." Choncho ndinkawalemekeza cha patali, nkhope pansi, monga mtengwa aliyense amachitira.

Ufa tinkaupezako, woyera mbee, koma ndiwo kunalibe. Kakapezeka kadzira kapena kapenta wa m'manja ndinkapatsa mwana, ine n'kumezera nsima yanga madzi amchere. Ndinkadziona wanzeru. Ndinkati mimba ikadzaza ndiye kuti thupi lapeza zonse.

Paja chakudza sichiyimba ng'oma. Choyamba khungu la kuseri kwa manja linada n'kuyamba kusweka ngati ndapsa ndi moto. Kenako mapazi. Kenako m'khosi munatuluka mzere wakuda, wokhakhala, wozungulira ngati mkanda. M'mimba munkangotseguka, lilime lili psuu, ndipo m'mawa ndinkadzuka wotopa kuposa mmene ndinagonera.

Tsiku lina kumjigo mayi wina anandiyang'anitsitsa m'khosi, n'kutsitsa mawu. "Amake Tamala, kodi simukudziwa? Uwu ndi mkwingwirima wa chingwe. Alipo amene amakumangani mukagona n'kukakulimitsani m'munda mwake ngati ng'ombe. Taonani manjawo, si a khasu amenewo?" Mwa amayi ena onse palibe amene anatsutsa. Kuyambira tsikulo ndinakulunga chitenje m'khosi n'kuvala juzi ya amuna anga, dzuwa likuswa mtengo.

Ndiye mutu unayamba kusokonezeka. Ndinkapezeka ndaima pakati pa bwalo osadziwa chimene ndatulukira. Ndinkalira popanda wondiputa. Kutchalitchi ndinasiya kupita chifukwa ndinkaona ngati kwaya ikuimba za ine. Ndikayang'ana minda ya m'mudzimo, wokonzedwa bwino unali wa apongozi anga okha, ndipo iwo okha ndi amene anali ndi thumba la mbewu ya nsawa m'nyumba. Mumtima ndinati, mwini chingwe ndam'peza. Akatumiza chakudya ndinkakachitaya kudzala. Mantha anandiletsa kudya, kusadyako n'kuwonjezera manthawo. Thupi linkadwalitsa maganizo, maganizo n'kubwezera kudwalitsa thupi, ine ndili pakati ndikutha.

Tsiku loipitsitsa linali lowala bwinobwino, masana dzuwa lili paliwombo. M'mutu mwanga munamveka mawu, omveka ngati munthu waima pambali panga, akuti, "Akathana nawe ayamba mwanayo. Kam'bise kumene chingwe sichifika." Ndinabereka Tamala n'kulowera kudambo. Kumeneko kuli chitsime chakale chokumba pamanja, chakuya, chimene anthu anachisiya. Ndinasuzumira n'kuona timadzi takuda pansi penipeni. Abale anga, sindinaone imfa m'menemo, ndinaona pobisala pabwino.

Ndinamasula mwana kumbuyo n'kumunyamula m'manja. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amama, mukundipweteka." Pamenepo kanthu kena m'kati mwanga kanafuna kupemphera, koma mapemphero onse amene ndinaphunzira kuyambira ku Sande sukulu anali atathawa. Linatsala dzina limodzi lokha, ndipo ndinangoti, "Yesu!"

Munthu anandikoka mwamphamvu kumbuyo, atagwira chitenje cha m'khosi chija. Tinagwera limodzi pa udzu wouma. Anali apongozi anga, ali wefuwefu, opanda nsapato. Anandiona ndikudutsa kuseri kwa khola ndikuyankhula ndekha, n'kunditsatira. Anayamba alanda mwana n'kumuika kumbuyo kwawo. Chitenje chinali chitamasuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona khosi langa. Ndinkayembekezera kulalatiridwa, koma mayi wolimba uja anakhala pansi n'kuyamba kulira.

"Iwe mwana, unabisiranji zimenezi?" anatero. "Ine ndinathawa nkhondo ku Mozambiki ndili mtsikana. Kumsasa tinkadya ufa wokhawokha, ndipo mkanda uwu ndinauona m'khosi mwa mkulu wanga. Anayamba kuyankhula yekha, tinam'mangirira pamtengo poti wapenga, mpaka anatisiya. A chipatala anabwera pambuyo ndi mapilisi ndi nsawa, ena n'kuchira. Si ufiti uwu. Ndi njala yobisala m'mimba yokhuta."

M'mawa mwake anabwereka ngolo n'kupita nane kuchipatala. Namwino anandiyang'ana manja, khosi ndi lilime, nati matendawa amatchedwa pelagira. Anati amagwira munthu wodya chimanga chokha popanda nsawa, nyemba, nsomba kapena mazira, ndipo khungu limada malo omwe dzuwa limawomba. Anandiuzanso kuti ubongo nawo umadya, ndipo ukamanidwa umayamba kuona ndi kumva zomwe kulibe. Anandipatsa mapilisi a mavitamini, koma sanathamangire kunditulutsa. Anandifunsa za nkhawa zanga, ndipo ndinakhuthula zonse, za amuna anga osaimba foni, za chingwe, za chitsime chomwe. Anauza apongozi kuti ndisamakhale ndekha mpaka mtima utakhazikika.

Titafika kumudzi apongozi anamasula thumba lija la mbewu, limene anasunga chaka chonse cha njala osalawako n'kamodzi komwe. Ankakazinga, kusinja, kutendera masamba a maungu a kudimba ndi kuthira m'phala. Ankakhala pomwepo mpaka nditamaliza mbale, akulalata monga mwa masiku onse: "Idya, iwe! Ukufuna anthu azinena kuti ndimakulimitsa wanjala?" Ndinaseka koyamba patapita miyezi. Amayi a chigwirizano ankabwera mosinthana kudzakhala nane, kuimba ndi kupemphera. Mawu a m'mutu aja anayamba kuchepa khungu lisanapole, kenako anatheratu. Amuna anga atamva anabwerera.

Mvula itagwa, munda wa nsawa wa apongozi anga unamera udzu wokhawokha chifukwa mbewu yonse inathera m'mbale yanga. Tsiku lina Tamala anawafunsa kuti, "Agogo, bwanji simunadzale nsawa?" Iwo anayankha osatukula mutu, "Ndinadzala mwa amako, ndipo zamera."

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la dzina limodzi, natumiza thandizo kudzera mwa munthu yemwe ndinkamuthawa. Inu amene muli ndi m'bale wosintha khalidwe, musafulumire kutenga chingwe kapena kuloza munthu chala. Muyang'aneni thupi, mufunseni chimene akudya ndi chimene chikum'dya mumtima, mupite naye kuchipatala mukupemphera. Ndipo iwe amene wabisa chako pansi pa chitenje, chimasule anthu aone, usataye mtima. Chitsime chija amuna anga anachikwirira, ndipo Tamala wanga chaka chino wayamba sukulu. Ulemerero ukhale kwa Mulungu. Ameni.