Besi ya munthu wamanzere

Aulutsi, ndiwerengereni kalatayi. Ndine bambo wa ku Nsipe, ndimaimba gitala ya besi m'kwaya ya kutchalitchi kwathu.

Besi yathu itawonongeka, ndinamva kuti ku Tsangano kuli mkulu wina wochokera ku Joni amene akugulitsa ina yakale. Ndinapita. Atanditulutsira, ndinaona kuti nsambo zake ndi zozondoka, yaikulu ili pansi, mmene amaikira anthu amanzere. Kenako ndinaona bawuti ya njinga pamalo pa kachitsulo kokungira nsambo. Bawuti imeneyo ndinaimanga ndine pa gitala ya achimwene anga amanzere, iwo asanapite ku Joni zaka zisanu zapitazo. Chichokereni, sitinamvepo mawu awo.

Ndinafunsa kuti, "Achikulire, mwaitenga kuti?"

Iwo anati, "Mwini wake tinkakhala naye nyumba imodzi. Anadwala, tinamuika konko. Kwawo sitinkakudziwa. Nanga muitenga?"

Sindinalire. Ndinayesa nsambo zonse zinayi, ndinafunsa ngati chingwe chake chilipo, tinanenerera mtengo ngati tikugulitsana mbatatesi. Ndinakwera nayo minibasi.

Tsopano patha milungu itatu, ndipo misozi sinabwerebe. Akwaya akundifunsa kuti nsambo nditembenuza liti. Sindinazikhudze.

Amayi anga anaiona gitalayo pakhoma ndipo anaizindikira. Anati, "Ngati watsogoza gitala, ndiye kuti mwini wake ali m'njira." Chiyambire tsiku limenelo, m'mawa uliwonse akumasesa m'chipinda cha achimwene. Ine ndimangoti, "Eya, amayi," n'kuwasunthira mpando kuti asese bwino.

Omvera anzanga, ndiwauze bwanji?