Achemwali Anga ndi Dzanja Limene Linawapereka pa Chesi

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1947, ndipo anali achitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Ine amene ndaima pano ndine mlongo wawo wamng'ono. M'mimba mwathu ndatsala ndekha.

Mu 1966, atamaliza Fomu 2, analembedwa ntchito yotayipa kukhoti, kumene anagwira zaka 36. Mu 1970 anakwatiwa ndi alamu anga, okonza mawotchi, amene anawaphunzitsa masewero a chesi patebulo la m'shopu. Chaka chisanathe, wophunzira anayamba kugonjetsa mphunzitsi, moti alamu ankadandaula kuti anadziputira okha.

Alamu atamwalira mu 2004, malemu analowa gulu la chesi la achikulire limene linkakumana m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale. Pa anthu khumi ndi anayi, mayi anali iwo okha. Masewero onse a pampikisano ankawalemba m'makope, ndipo Lolemba lililonse ankakhazika anzawo pansi n'kumaonetsa aliyense pamene anaphonya, osanyengerera. N'chifukwa chake anawatcha Ajaji.

Mu 2016 anafika m'ndime yomaliza ya mpikisano wa achikulire. Oonerera onse anaona kuti kwangotsala kusuntha kachidole ka mfumukazi kuti chikho chikhale chawo. Koma dzanja linanjenjemera n'kukhudza ka kavalo, ndipo lamulo limati chimene wakhudza ndicho usunthe. Anagonja. Adokotala anadzatiuza kuti chimenecho chinali chiyambi cha matenda onjenjemera, opanda mankhwala ochiza.

Kuyambira pamenepo ankayala masewero omwewo tsiku ndi tsiku. Zala zitakanika mu 2021, bambo amene anawagonjetsa aja, dalaivala wa basi wopuma, ankabwera mlungu uliwonse kudzawasunthira tizidoleto. Kenaka mawu nawo anatha. Anatisiya Lachiwiri pa 4 Malichi 2025.

Gulu lawo latsala anthu awiri, ndipo m'kachipinda kaja muli mipando yothyoka yokhayokha. Makope 41 ali m'katoni kunsi kwa bedi. Tawatsegula, koma pakati pathu palibe amene angawerenge zimene zinalembedwamo.

Malemu asiya ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ine. Tikuthokoza anamwino, aneba amene ankatilandira podwazika, adalaivala, ndi nonse amene mwabwera kudzatikhuza.

Achemwali, muli moyo tinalibe nthawi yokhala nanu patebulo, ndipo lero tachedwa. Mzimu wanu uuse mumtendere.