Anawabweza Pachipata cha Chipatala Chawo

Abale ndi alongo, amene tikuwaperekeza lero ndi achimwene anga, omwe ambiri mumangowadziwa kuti a Mmisiri. Anabadwa mu 1952 kumudzi kwa amayi athu, oyamba mwa ana asanu. Sukulu analekezera sitandade 8, kenaka anakaphunzira ukalipentala.

Mu 1974 analembedwa ntchito pachipatala cha mafupa ndi mitsempha. Nthawi imeneyo chipatalacho chinali ndi wodi imodzi, chipinda cha opaleshoni, ndi kashedi kamalata momwe iwo ankasemera ndodo zoyendera ndi miyendo yochita kupanga. Mwendo sankaupereka asanayende ndi mwiniwake khonde lonse, kupita ndi kubwera, akufunsa pamene pakupweteka. Chipatala chinakula iwo akuona: nyumba yosanja, makina ounikira ubongo, ngakhale dziwe lophunzitsiramo odwala kuyendanso. Ankaseka kuti zonse zakula kupatula kashedi kawo. Anapuma pantchito mu 2012.

Anakwatira alamu angawa mu 1979. Kutchalitchi sanali olankhulalankhula. Ankangofika Loweruka ndi hamala, n'kukonza mabenchi ogwedera popanda wowatuma.

Mwezi watha, Lachiwiri m'mawa, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka. Tinathamangira nawo kuchipatala chawo chomwecho. Pachipata anatiuza kuti masiku ano salandira wodwala wopanda kalata yochokera kuchipatala chaching'ono. Alamu anachonderera kuti bambowa agwira ntchito muno zaka 38. Anayankhidwa kuti, "Mayi, lamulo silidziwa nkhope." Kalatayo tinaipeza Lachinayi. Adokotala atawaunika anati tikanafika tsiku lomwe anadwalalo, bwenzi pali chochita.

Sititchula munthu pano. Mulungu ndiye amaona. Koma tithokoze mayi wokolopa muwodi, amene ankasiya ndowa yake n'kutithandiza kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Tithokozenso bambo wina woyendera mwendo umene achimwene anamupangira, yemwe masana aliwonse ankabwera kudzawanyowetsa milomo ndi kansalu. Achimwene atagona milungu itatu osalankhula, anatisiya Lamulungu lapitali.

Asiya mkazi, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mchemwali mmodzi, ndi ine mng'ono wawo. Akuchipatala atumiza nkhata yamaluwa. Tailandira.

Kumene apitako sakafunsidwa kalata. Apumule mu mtendere.