Ng'oma Yathu Inalira M'shopu ya a Yobe

Ine, Ennie Chisinga, wa zaka 47, wa m'mudzi wa Chimbwadzi, mfumu yaikulu Santhe, m'boma la Kasungu, mlimi wa fodya ndi chimanga komanso wotsogolera kwaya ya amayi a Mvano pampingo wathu, ndabwera ndekha osaitanidwa lero Lachisanu pa 18 Novembala kudzakonza umboni umene ndinapereka pano papolisi Lachitatu.

M'mwezi wa Ogasiti mwana wanga Angelina, amene amagwira ntchito ku Joni, anabwera ndi choimbira nyimbo cha zigawo ziwiri. Choyamba ndi sipika yakuda, yaitali ngati munsi. Chachiwiri ndi bokosi lolemera lotchedwa sabufa, limene limatulutsa mawu okhuthala okha, monga a ng'oma. Chilichonse chili ndi chingwe chake cha magetsi, koma pakati pa ziwirizi palibe waya. Kunyumba timaziyatsa ndi batire ya sola kudzera mu inveta.

Angelina anandiphunzitsa kuzilumikiza. Umadina batani la kuseri kwa sabufa mpaka kagetsi ka buluu kayambe kuphethira msangamsanga, kenaka umadina batani lina pa rimoti osasiya. Kagetsiko kakasiya kuphethira, zadziwana. Mawu ake ndikuwakumbukira: "Amayi, izi n'za kamodzi basi. Zikangoyaka zonse zili pafupi, zimapezana zokha." Ine sindikhulupirira za kumva, choncho ndinayesa ndekha. Ndinapeza kuti zimamvana mpaka mapazi khumi ndi asanu, ngakhale pakati pali khoma. Pa fulashi yolowetsa m'sipikamo tinaikapo nyimbo zimene kwaya yathu inajambula, ndipo amayi ankaphunzirira pakhonde panga.

Lachiwiri pa 15 Novembala mudzi wathu unaitanidwa kukagula feteleza wotsika mtengo kudepoti, mtunda wa makilomita asanu ndi awiri. Ndinakiya nyumba 5 koloko m'mawa, kiyi ndinaika pansi pa mtondo monga mwa masiku onse. Ndinapita ndi achimwene anga a Jeremiya Chisinga, obadwa nawo bere limodzi, iwo aakulu. Mudzi wonse unali kumeneko ndi ziphaso za unzika.

Pamzere wa feteleza munthu saima tsiku lonse padzuwa. Amaika mwala, thumba kapena silipasi kusunga malo, iye n'kukakhala pamthunzi. Cha m'ma 9 koloko netiweki ya makina ogulitsira feteleza inathawa, mzere unaima. A Jeremiya anaika chidutswa cha njerwa chomanga ndi kansalu kofiira kumbuyo kwanga nati, "Ennie, undionere mwala wangawu, ndikaone munthu kuseri kwa msika." Netiweki itabwera, mzere unayamba kusuntha. Ine ndinkakankha njerwa yawo ndi phazi kuti asataye malo. Iwo anabwera cha m'ma 2 koloko, tinagula, tinabwerera limodzi.

Ndinafika kunyumba 5 koloko madzulo. Chitseko chinali chokiya, kiyi ali pamalo pake, koma sabufa panalibe. Sipika yaitali inatsala pakhoma pomwe Angelina anaikhomera. Ndinakuwa, anthu anasonkhana. Funso linali limodzi: watsala m'mudzi lero ndani? Yankho linali Tsoka Namacha, woyandikana nane, amene anabwera kuchokera kummwera ngati tenanti wa fodya n'kukhazikika. Dzina lake silili pamndandanda wa feteleza, choncho anatsala akuthirira nazale yake kudambo. A Jeremiya anati, "Uyu amaona tsiku ndi tsiku pamene mumabisa kiyi." Anyamata anafufuza m'nyumba ya Tsoka mpaka kudenga, osapezamo kanthu.

Lachitatu m'mawa ndinabwera pano. Ndinanena kuti ndikukayikira Tsoka. Nditafunsidwa amene amadziwa za kiyi, ndinatchula Tsoka ndi achimwene anga, koma ndinawonjezera kuti achimwene anali nane pamzere tsiku lonse. Masana omwewo Tsoka anamangidwa, ndipo ndinauzidwa kuti Lolemba akaonekera kukhoti.

Madzulo a tsikulo mkazi wa Tsoka, Vailet, anabwera pakhomo panga. Sanalire ndipo sananditukwane. Anakhala pansi nati, "Amayi a Angelina, amuna anga akanaba chinthucho akanayatsira pati? Kwathu tili ndi tochi yokha." Anandiuzanso kuti mbande zawo zafodya zafika poti ziwokeredwe mvula ikangogwa, ndipo iye ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, sangathe kunyamula makheni awiri kudambo.

Funso lakelo linandiluma. Sabufa imafuna magetsi, ndipo ilibe bowo lolowetsa waya wa foni kapena wailesi. Popanda sipika inzake ndi mpando chabe. Amene anaitenga ayenera kuti anaona kuti ilibe waya n'kuganiza kuti imaimba yokha. Ikamukanika, adzapita nayo kumene kuli magetsi, ndipo m'dera lathu kumeneko ndi pa Santhe penipeni. Ndinaganiza zoitengera inzakeyo kumeneko kuti ziitanizane.

Lachinayi 6 koloko m'mawa ndinazula sipika pakhoma. Ndinaimanga ndi mphira mutali mwa njinga, batire pakaliyala, inveta m'dengu. Vailet anakana kutsala. Njinga inali yolemera yosapalasika, tinaikankha mpaka pa Santhe. Tinafika 9 koloko. Ndinayatsa nyimbo ya kwaya yathu, ine ndi amene ndimaomba ng'oma m'menemo. Popanda sabufa ng'omayo simveka, amamveka mawu a amayi okha.

Tinayamba ndi nyumba zoonetsa makanema zitatu, kenaka malo omwera mowa, malo ometa ndi otchaja mafoni. Pakhomo lililonse ndinkaima ndi kuwerenga mumtima mpaka makumi atatu. Anthu ankaseka. A kabaza ankafunsa ngati tikugulitsa mankhwala a makoswe kapena tayamba kampeni. Mwamuna wina pamowa anati mpingo wasowa olalika. Ndinamuyankha kuti asunthe mwendo njinga idutse. Batire inatha 2 koloko osamva kanthu. Ndinaisiya potchaja, tinabwerera.

Madzulo a Jeremiya anabwera kunyumba. Anati, "Ukutichititsa manyazi, mayi wamkulu kumazungulira ndi batire ngati wamisala. Wakuba wagwidwa kale, ukufunanso chiyani?" Ndinayankha kuti ndikufuna katundu wanga. Anati mawa ndisapitenso, iwo monga mwini mbumba akundiletsa. Ndinangoti ndamva.

Lero Lachisanu tinanyamuka 5 koloko. Tinatenga batire 8 koloko ndi kuyamba ndi mzere wa kuseri kwa msika, umene dzulo sitinafikeko. Cha m'ma 10 koloko tinafika pakati pa chigayo ndi shopu ya a Yobe okonza mawailesi. Tinali pamtunda wa mapazi ngati khumi ndi awiri kuchokera pachitseko chawo. Ng'oma inalira m'shopumo. Inali ng'oma yanga, ikuyenda limodzi ndi mawu a amayi amene anali panjinga. A Yobe anatuluka akuthamanga, sikuludiraiva ili m'manja, akuti, "Mayo ine, chayankhula chokha!"

Kuti pasakhale kukayika, ndinadina rimoti kuimitsa nyimbo. M'shopu munati zii. Ndinadinanso, ng'oma inayambiranso. Ndinachita zimenezi katatu pamaso pa a Yobe, Vailet, mwini chigayo ndi anthu ena ambiri. Ndinalowa. Sabufa inali patebulo, chingwe chili kukhoma, kagetsi ka buluu kakuyaka osaphethira. Pangodya ya kumanzere pali chipsera cha pamene inagwa pakhonde mwezi watha. A Yobe anali atamasula kale masikuluu awiri akumbuyo.

Ndinawafunsa amene anabwera nayo. Anati inabwera Lachiwiri cha m'ma 12 koloko, itakulungidwa m'chiguduli cha fodya, panjinga yamoto ya kabaza. Mwini wake anati wagula kwa munthu wapaulendo ndipo akufuna aiboole aikemo waya kuti izimva foni. Lero ndi pamene anaiyatsa koyamba kuti aione. Anatembenuza bokosilo. Pansi pake panali kapepala kamene iwo amamata pa katundu aliyense wobwera. Panalembedwa kuti Jeremiya, Chimbwadzi.

Ndinakhala pabenchi. Ndinawafunsa kawiri maonekedwe a munthuyo. Anati wamtali, wa imvi m'ndevu, chala chamkombaphala chakumanja n'chodukira. Chala chimenecho chinaduka ndi chikwanje tili ana, ine ndi amene ndinachimanga ndi nsalu.

Nkhani inathamanga kuposa njinga yathu. Tisanachoke pashopu a Jeremiya anandiimbira foni. Anati, "Ennie, bwera nazo kunyumba, nkhani ya pabanja tikambirana pabanja." Ndinafunsa za Tsoka. Anati, "Ameneyo ndi wobwera, akakhala miyezi ingapo atuluka." Ndinadula foni. Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka pano zikundipweteka, chifukwa ndi iwo amene anandilera bambo athu atamwalira.

Ndabwera ndi sipika, batire, inveta ndi rimoti. A Yobe anyamula sabufa ndi kapepala kake ndipo ali panja, avomera kupereka umboni. Ngati pakufunika, ndiziyatsa pompano apolisi amve okha.

Ndikupempha kuti mawu anga a Lachitatu akonzedwe. Ndinati achimwene anga anali nane pamzere tsiku lonse. Sizoona. Kuyambira 9 koloko mpaka 2 koloko sindinawaone ndi maso. Chimene chinali nane pamzere ndi njerwa ya kansalu kofiira, ndipo amene ankaikankha ndine. Tonse amene tinali kudepoti tinawerenga miyala ngati anthu.

Ndafunsidwa ngati ndikudziwa kuti umboni uwu uwamangitsa achimwene anga ndipo kumudzi andida. Ndikudziwa. Ndafunsidwanso ngati wina wandiumiriza. Palibe. Dzina la Tsoka ndinalitchula ndine patebulo lino, choncho ndabwera kudzalichotsa ndekha. Ndikupempha atulutsidwe lero, asadikire Lolemba, chifukwa mvula yayandikira. Mkazi wake ali pabenchi panjapo, sanadye chichokereni m'mawa. Ndamuuza kuti pano sindichoka mpaka titatenga mwamuna wake, ndipo mawa makheni a panazale yawo ndinyamula ndine.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera zonse ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Wosaina: Ennie Chisinga ............................