Mpata wa pa Linga

Adani atazinga tauni ina ya ku Flanders mpaka anthu kudya akavalo ndi amphaka omwe, Bwanamkubwa Arrieta anali wofunitsitsa kugonja. Koma mwambo wa nkhondo unali wouma: wogonja linga lake lilibe mpata wobooledwa ndi mizinga, mfumu yake inkamunyonga. Kunena poyera sakanatha, ndiye anaitana Lieven, mmisiri womanga, munthu wosamva mawu okuluwika.

"Lieven, dzulo adani anaboola linga kum'mawa, eti?"

"Anaboola, bwana. Ndatsekapo kale."

"Watsekapo?"

"Gwa! Ngakhale khoswe sangadutse."

Arrieta anagwira khosi lake. "Dzana ndiye?"

"Ndinatsekanso. Paja munalamula kuti mpata uliwonse uzitsekedwa."

"Ndinalamula tili okhuta! Iwe, sutopa kodi? Msana sukupweteka?"

"Ayi ndithu, bwana. Chidyereni mphaka uja ndili bwinobwino."

"Tamvera. Mkulu wa adaniwo wandilonjeza kuti mpata ukangooneka, tidzatuluka mwaulemu, ng'oma zikulira, mbendera m'mwamba. Buledi ali m'ngolo, akutidikira. Ukundimva?"

"Ndamva. Ndiye mukuti ndisiye kutseka?"

"Aaa! Ine? Ndanena zimenezo ine?" Arrieta anasuzumira kukhomo. "Msilikali wa mfumu sanena zotero!"

"Basi ndizitseka."

"Ndikungoti munthu amatha kudwala."

"Ndani wadwala, bwana?"

"Iweyo, chitsiru!"

Lieven anadzigwira pamphumi. "Koma sindikutentha."

Apo Arrieta zinamukwana, njala inaposa ulemu. Anavula chipewa n'kuchiponda. "Chabwino! Andinyonge, bola ndife nditadya. Tsegulani chipata, tikugonja lero lomwe!"

"Chipata chiti, bwana?"

"Tili ndi zingati?"

"Tinali ndi chimodzi. Koma nditachiyang'anitsitsa ndinaona kuti nachonso ndi mpata."

Arrieta anathamangira pamwamba pa linga. Kunja adani anali kuzula mahema, atatopa ndi khoma lomera ngati udzu. Ngolo za buledi zinali zitaloza kale kwawo.

"Tapambana, bwana!" anatero Lieven, misozi ili m'maso.

"Gumula chipatacho msanga!"

"Ntchito ya manja anga imagumuka ndi mizinga yokha. Yathu ija tinasungunula kale zipolopolo zitatha."

Arrieta anatulutsa mpango woyera n'kuyamba kuukupiza ndi mphamvu zake zonse.

"Abwana inu! Bwererani! Tikupempha, dzatiombereniko pang'ono!"