Mtengo wa mango unabisa nyumba yanga

Okondedwa omvera, ndine mayi wamasiye wa kufupi ndi Njakwa ku Rumphi. Madzi osefukira atakokolola nyumba zathu, ine ndi ana tinapulumukira mumtengo wa mango umene malemu amuna anga anabzala pakhomo.

Kenako kunabwera anyamata a bungwe lina ndi mapu a pakompyuta, ojambulidwa kuchokera kumwamba madziwo asanabwere. Ankamangira nyumba anthu okhawo amene madenga awo ankaoneka pamapupo. Pathu panaoneka masamba okhaokha.

Ndinawaonetsa maziko a nyumba. Mmodzi anati, "Pepani chomene amama, mapu sanama."

Ndiye wabodza ndine? Ana angawa ndinawalerera m'masamba ngati mbalame?

Anzanga akugona m'nyumba zatsopano, ife tikadali mutenti. Inu amene muli ndi mthunzi pakhomo, dulani msanga. Kumwambako saona anthu, amaona malata.