Mayi Edwina Msiska, Mlonda wa Padoko

Abale ndi alongo, amene tikuwaperekeza lero muno mu Middlesbrough ndi Mayi Edwina Msiska, mwana wa a Chabwera. Anabadwa pa 9 Malichi 1963 m'mudzi mwa Gulumba, Mfumu Yaikulu Kanduku, m'boma la Mwanza. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri.

Pulayimale anaphunzira kwawo komweko, ndipo mayeso a Folomu 4 analemba mu 1982. Chaka chotsatira analowa upolisi. Atamaliza maphunziro ku Kanjedza anagwirako ntchito ku Limbe, kenako anawatumiza kuchipata cha Mwanza, komwe anakhala zaka khumi ndi chimodzi akusecha malole ochokera ku Tete. Mu 1988 anamanga banja ndi Bambo Kenani Msiska a ku Rumphi, omwe anali namwino pachipatala cha boma.

Mu 2004 Bambo Msiska anapeza ntchito pachipatala kuno ku Mangalande, ndipo mayi ndi ana anawatsatira patatha chaka. Masatifiketi awo aupolisi sanawathandize kanthu kuno. Anayamba ndi kusamalira okalamba, mpaka mu 2009 pomwe analembedwa ulonda padoko la kuno ku Teesside.

Tsiku lina m'mawa, mu Novembala 2011, akuyendera makontena otsitsidwa m'sitima, anamva kugogoda kwapansipansi. Pomwe chitseko chinkatsegulidwa n'kuti anthu awiri mwa asanu ndi anayi omwe anabisala mkatimo atamwalira chifukwa chosowa mpweya. Kontenayo inali itakhala padoko maola ambiri popanda woiyang'ana. Bambo Msiska akuti kwa sabata ziwiri mayi sankafuna kudya. Atabwerera kuntchito, anayamba kumaika khutu pa kontena iliyonse yomwe adutsapo, anzawo n'kumawaseka.

Mu 2013 boma linapereka ndalama kwa apolisi a dera lino zokhwimitsira chitetezo padoko. Apolisi anakhazikitsa komiti yoti ione zoyenera kugula, ndipo alonda anasankha Mayi Msiska kuti akawaimire. Ambiri m'komitimo ankafuna makamera ndi mpanda wautali. Mayi sanatsutse zimenezo, koma anaumirira kuti pagulidwenso zipangizo zodziwira ngati m'kontena yotseka muli munthu wopuma, ndi kuti makontena okayikitsa aziyezedwa akangotsika. Anawakanira kawiri. Pamsonkhano wachitatu anauza mkulu wa apolisi kuti: "Kamera imaona munthu amene waima panja. Ine ndikukamba za amene ali mkati." Zipangizozo zinagulidwa, ndipo iwo ndi amene ankaphunzitsa alonda anzawo kagwiritsidwe ntchito kake.

Apa pali mawu ovuta, koma banja latipempha kuti tisawalumphe. Nthawi imeneyo ambiri a ife tinali tisanalandire mapepala okhalira m'dziko muno. Titamva kuti mnzathu akukhala patebulo limodzi ndi apolisi, tinagwidwa ndi mantha. Manong'onong'o anayamba akuti amapereka mayina. Banja lina la mumpingo mwathu litabwezedwa kumudzi mu 2014, zala zonse zinaloza iwo. Tinasiya kuwaitana kumaukwati. Anachotsedwa pa ulembi wa amayi amvano popanda kuwafunsa mbali yawo. Iwo sanasamuke mpingo. Lamulungu lililonse ankatsika basi nthawi yake, n'kukhala ndi amuna awo pabenchi lomwe enafe tinkalilambalala, n'kumaimba alito monga kale.

Mu Epulo 2016 chimodzi mwa zipangizo zija chinasonyeza kuti m'kontena ina muli anthu. Inatsegulidwa pasanathe ola chitsikireni. Munali anthu khumi ndi mmodzi, kuphatikizapo mayi woyembekezera, ndipo onse anatuluka amoyo. Ena mwa iwo analoledwa kukhala, ena anabwezedwa kwawo. Zimenezi zinkawawawa mtima Mayi Msiska, ndipo sankabisa. Mwana wawo Asimenye atawafunsa ngati ntchitoyo inali yabwino kapena yoipa, anayankha kuti: "Mapepala sindingalonjeze munthu aliyense, mwanawe. Chomwe ndingathe n'chakuti atuluke akupuma."

Chaka chomwecho bambo wa banja lobwezedwa lija analembera abusa athu kalata kuchokera ku Zomba. Anafotokoza kuti mlandu wawo unali utalephera kukhoti kalekale, ndi kuti Mayi Msiska ndi amene ankawaperekeza kwa loya komanso kuwalembera kalata yowachitira umboni. Mayi ankadziwa zonsezi nthawi yonse yomwe tinkawanena, koma sanafune kuulula nkhani ya eni ake pofuna kudziyeretsa.

Anayamba kudandaula m'mimba mu Juni 2017, ndipo madokotala anapeza khansa ya chiwindi. Anasiya ntchito mu Seputembala. Amayi amvano ankasinthana kukawadwazika, ena mwa iwo anali omwe aja anawachotsa paudindo, ndipo onse ankalandiridwa ndi moni mmodzimodzi. Anatisiya Lachitatu pa 14 Febuluwale 2018, ali ndi zaka 54, amuna awo ali pambali.

Ena a ife tinapepesa iwo akadali moyo. Ena tinkangoti tipita mawa, mpaka uthenga unatipeza. Otsalafe tikupepesa lero, pamaso pa amuna awo ndi ana awo.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Kenani Msiska, ana atatu, Mapopa, Asimenye ndi Stella, zidzukulu zinayi, alongo awo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi ku Mwanza, komanso mayi awo owabereka, omwe ukalamba sunawalole kubwera ndipo akumvera mwambowu pafoni.

Amayi athu aweruka. Apumule mu mtendere.